Mkazi Mnzanga wa m'Galasi

Irene atatukula chivundikiro cha bokosi lagalasi lija, tintchentche takuda tinabuka n'kumuzinga kumaso, fungo likubwera pambuyo. Anabwerera chafutambuyo, chitenje chili kumphuno.

"Azakhali a Sesiliya, tabwerani muone. Muli mphutsi umu."

Amai ake, a Fainess, anamva mawuwo ali pamphasa m'chipinda chochezera, pamene anakhala chikhalire kuyambira tsiku lomwe amuna awo, a Philemon Daka, anatsirizika. Maliro anali ataikidwa dzana. Anthu ambiri anali atabalalika, koma mipando inali ikadali panja pansi pa tenti. Bokosilo analikankhira kukhonde la kuseri tsiku loyamba lomwe, pokonza malo ogona azimai. Chitseko cha kuseri chikakhala chotsegula, a Fainess amaona ngodya yake imodzi yokha, ndipo masiku onse a maliro anaiyang'ana ngodyayo mwakabisira, ngati mmene munthu amayang'anira mnzake amene anasiyana naye moni.

Bokosilo poyamba linali thanki ya nsomba kusukulu ina ya ku Chiparamba, kumene a Daka anaphunzitsa sayansi mpaka kupuma ntchito. Itayamba kudontha, anzawo akufuna kuitaya, iwo anaimata phula pangodya, n'kuimanga panjinga, n'kubwera nayo ku Kapata akukankha njira yonse. Nsomba sanaikemo. Anaikamo dothi lakuda la kudambo ndi tizomera tofiira tosakwana n'chikhato cha mwana chomwe, masamba ake aubweya, nsonga ya ubweya uliwonse ili ndi kadontho konyezimira ngati mame. Mame amenewo anali ulimbo. Kantchentche kakateramo, basi kafika, tsamba limapinda pang'onopang'ono n'kukadya komweko. Dzina lake la m'mabuku a Daka amati ndi Drosera. Pakamwa pa a Fainess linasanduka Dorosera, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakhomopo panali akazi awiri.

"Mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero?" amafunsa choncho popereka tiyi.

"Wadzuka, akuti ndikupatseni moni," a Daka amayankha, nkhope ili phee ngati ali m'bwalo la akulu a mpingo.

Zinali nthabwala, koma pansi pake panali kamunga. Munthu akamwa tiyi amakakhala kutsogolo kwa galasilo mpaka dzuwa kufika pamutu. Akadya masana, abwereranso pomwepo. A Fainess amauza anzawo kumsika kuti ena amuna awo anawalanda mowa, ena anawalanda nsolo, koma iwo anawalanda udzu wa kudambo. Anzawo amaseka, iwo amasekanso, koma pobwerera kunyumba kusekako kumathera panjira.

Matenda atawagwira, a Daka anagona m'chipatala masabata angapo, akazi awo ali pambali pawo. Nyumba anaisunga ndi mlongo wawo wamkulu wa a Daka, a Sesiliya, amene anasiya chimanga chawo ku Kasenengwa udzu ukuchipanikiza. Tsiku lotsiriza, amai a chigwirizano atabwera kudzapemphera, wodwalayo anatsegula maso n'kuyang'ana akazi ake, milomo ikugwedera. A Fainess anawerama, mtima uli m'mwamba, kuti alandire mawu amene adzatsale nawo.

"Dorosera wamwa madzi?"

Sanalankhulenso. Amai a chigwirizano anayang'anana, ndipo pofika madzulo theka la Kapata linali litadziwa kuti aphunzitsi a Daka, mkulu wa mpingo wathunthu, anali ndi mkazi wachibisira. Wina anati ndi wa ku Mchinji, wina anati ayi, ndi namwino wa ku Katete. Tsiku loika maliro panali amai ena amene nyimbo amangoitsatira ndi milomo, maso ali kumsewu, kudikira mkazi wachilendo amene adzadzigwetse pamanda. A Fainess anazimva zonsezo koma sanatsutse. Kuseka kunawabwerera, koma sanaseke. Zaka zonse zija za banja, mwamuna n'kupita osatchula dzina lako. Zinawapweteka kwambiri, ndipo sanauze munthu.

Tsopano a Sesiliya anatulukira kukhitchini akupukuta manja, kolona ikulendewera pakhosi. Anasuzumira m'bokosimo ali chapatali. Tizomera tambiri tinali titada n'kugona padothi, mame aja atauma. Irene atakanda dothi ndi kamtengo, munatuluka timphutsi toyera ta mitu yakuda, tina tonenepa tikugudubuzika pakati pake.

"Tseka, tseka," anatero a Sesiliya. "Chikutsata mwini wake chimenechi, usachiletse. Uza a Lyford achinyamule akachitaye kudzala. Mawa tikusesa nyumba, sitingasese chinthu cha mphutsi chili pakhomo."

A Lyford anali mng'ono wawo wa malemu, ndipo nthawi imeneyo anali kutsogolo akumasula zingwe za tenti.

"Mutaye za atate?"

"Ndinanena kale ine. Mtengo wanji wodya nyama? Zinthu zodya nyama mobisala timazidziwa dzina lake kwathu."

"Si ufiti, azakhali, ni sayansi." Irene anali atakhala ku Lusaka zaka zambiri, ndipo vuto lililonse kwa iye linali ndi mankhwala ake m'shopu. "Manje ndingopopera mankhwala a udzudzu aja, mphutsi zife, kenako tiona."

Analowa kuchipinda n'kutuluka akukhutchumula chitini. Phokoso la chitinicho ndi limene linawadzutsa a Fainess pamphasa.

Mwambo wa kwa a Daka ndi wakuti mkazi wofedwa sagwira ntchito, sakweza mawu, sachoka pamphasa popanda chifukwa chenicheni, mpaka akuchimuna atammasula tsiku losesa nyumba. A Fainess anausunga mwambowo mosaphonya. Madzi akumwa omwe amachita kuwapatsira. Koma tsopano anangozindukira ali pakhomo la kuseri, miyendo ili dzanzi, dzanja litagwira mphuthu.

"Irene, ika pansi chimenecho."

A Sesiliya anatembenuka. "Mlamu, mwadzuka? Wakumasulani ndani?"

A Fainess anagwada pomwepo pakhomo. "Palibe, alamu. Mundikhululukire. Koma akapopera mankhwalawo, Dorosera safika mawa. Mafuta ake amawotcha masamba."

"Safika mawa olo asapopere. Simukuona?"

"Ndikuona."

"Ndiye mukuchilirira chiyani? Chinthu chimene chinakulandani mwamuna mpaka pabedi la kuchipatala. Ndinamva zonse ine. Kapata yense akukusekani chifukwa cha chimenechi."

A Fainess anayang'ana pansi. Mvula ya m'mawa inali ikudonthabe kudenga, ikugwera mumgolo wa pangodya.

"Anandifunsa funso, alamu," anatero motsitsa. "Sindinawayankhe. Mtima unandiwawa, ndinatembenuza nkhope. Pomwe ndimati ndicheuke, anali atapita. Ndikachitaya lero chili ndi ludzu lomwelo, ndidzakhala nalo bwanji funso limenelo?"

Irene anaika chitini pansi mosamala, ngati chingaphulike.

A Fainess anakwawa ndi maondo mpaka pabokosipo n'kuweramira mkati. Zaka zonsezo anali asanaikepo nkhope yawo pafupi choncho. Ananunkhiza kamodzi, n'kukwinya pamphumi.

"Umu muli zitosi za nkhuku."

"Nkhuku ingalowe bwanji, amai? Pali chivundikiro."

"Kanda apo. Ayi, patsinde pa kofiirako. Tukula chimenecho."

Irene anatukula ndi kamtengo kanthu kakuda, konyentchera, mphutsi zili mbuu. Anakayang'anitsitsa. "Ni nyama iyi. Pali ndi khungu la tomato."

Onse awiri anayang'ana a Sesiliya. A Sesiliya anali atapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane mumtengo wa mapeyala wa aneba. Anakonza duku, anakonzanso, kenako anakhala pansi pa simenti mwamphamvu n'kutambasula miyendo.

"Nanga ndikanatani?" anayamba mokalipa, ngati wolakwa ndi wina. "Inu kuchipatala, mwini wake kuchipatala. Ndikalowa m'nyumba chinthu chikungondiyang'ana, masamba ali psuu ngati chimanga chosowa feteleza. Ndakanda dothi lake, losabala olo bonongwe. Ndinati ayi, mlongo wanga akatuluka apeze zinthu zake zitanenepa. Ndinatapako manyowa kukhola la nkhuku, pang'ono pokha."

"Nanga nyama?"

"Si iye mwini anandiuza chaka chatha kuti zimadya nyama? Ndimachekako pa ndiwo zanga."

"Yophika, azakhali?"

"Nanga yaiwisi, ndine mfiti ine? Yophika bwinobwino, ya tomato ndi anyezi, mchere womveka. Ndimaponya ndi dzanja lamanzere, lamanja litagwira kolona. Pamaliro pomwe ndinachipatsako chiwindi. Anthu onse aja akudya, icho chokha chikhale kuseri chikumva fungo? Pakhomo pa Philemon sipanagonepo mlendo ndi njala."

A Sesiliya anatsitsa mawu. "Mphutsizo ndinaziona dzulo. Mtima unandiuza kuti Sesiliya, wapha chinthu cha mlongo wako. Ndinati chipite kudzala msanga, wina asanafunse."

A Fainess anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Anayesa kukubweza, poti wofedwa saseka, koma anangoona m'maganizo mlamu wawo wamkulu akuthira mchere ndiwo za Dorosera, n'kulephereratu. Irene anagwa nako kuseka atatsamira khoma. A Sesiliya anawayang'ana mokwiya, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Sizinadziwike kuti kuseka kunathera pati ndipo kulira kunayambira pati. A Lyford anasuzumira pangodya, anaona akazi atatu atagwirana pasimenti, n'kubwerera kutenti mwakachetechete.

Atapukuta misozi ndi nsonga ya duku, a Sesiliya anabwerera pa udindo wawo.

"Mwambo sitiuphwanya, mlamu. Manja anu sagwira kanthu mpaka mawa. Koma pakamwa palibe anakumangani. Inu muzinena, ine ndi mwanayu tizigwira."

Anawakokera mphasa pakhomo la kuseri. A Fainess anakhala, manja ali pamiyendo, ndipo anadabwa kumva pakamwa pawo pakutuluka zinthu zimene samadziwa kuti ali nazo.

"Madzi mutunge mumgolomo, a mvula. A pampopi ayi, ali ndi mchere umene umapsereza mizu. Kuseri kwa khola kuli thumba la dothi la kudambo, ndi lina la mchenga wa ku Lutembwe. Musakanize pakati ndi pakati, muthire madzi owira kuti mazira a tizilombo afe, mudikire lizizire."

"Manyowa olo pang'ono?" anafunsa a Sesiliya.

"Olo fungo lake, alamu. Dorosera dothi lachonde limamupha. Anazolowera umphawi."

"Ndiye ndi wa kwathu ameneyu."

Irene anaika ketulo pambaula. A Sesiliya anatenga kasupuni ka tiyi n'kuyamba kuzula tizomerato kamodzikamodzi. Manja awo anali okhakhala, ong'aluka ndi khasu, koma anali manja ozolowera kuwokera mbande za fodya, ndipo sanadule muzu ndi umodzi womwe umene unali ukadali ndi moyo. Vuto linali lakuti mizu yamoyoyo inali yochepa. Tambiri timangotuluka mutu wokha, pansi pali mbee, mphutsi zitamaliza. Tina mizu yake imasasuka m'madzi ngati ulusi wovunda. Kalikonse kotere a Sesiliya amakaika pambali n'kupuma mozama, ndipo a Fainess amamva ngati akuwazula tsitsi.

"Aka kali bwanji?" A Sesiliya anatukula kena, madzi akudontha.

"Bweretsani pafupi. Finyani patsinde pang'ono. Ndi polimba?"

"Polimba."

"Kali moyo ako. Tsukani m'mbalemo, muchotse mphutsi ndi nthenga ya nkhuku, osati ndi chikhadabo. Masamba akudawo Irene adule ndi lumo."

Anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa kupendeka. Mphutsi za mitu yakuda zinali zochenjera, zimabisala pakati pa mizu, mtundu wake wofanana ndi muzu womwe. Irene amaunika ndi foni, azakhali ake akupalasa ndi nthenga, mitu itagundana. Dothi lonse lakale analikokolola n'kukalitaya kutali, nkhuku zikulithamangira. Tizomera topulumuka tinangokwana m'beseni laling'ono losambiramo m'manja, ndipo malo anatsalanso.

"Tsopano dulani mbatatesi yaiwisi, mugoneke tizidutswa padothipo."

A Sesiliya anaimitsa mpeni m'mwamba. "Ndiye nyama ayi, koma mbatatesi inde?"

"Si ya Dorosera, ndi ya mphutsi. Ngati yatsala ina ikwera kudzadya, m'mawa tidzaipeza pansi pake. Pamwamba mufunditse kansalu ka neti, tintchentche tija tisabwerere kudzaikira."

Irene anawayang'ana amai ake ngati akuwaona koyamba. "Amai, zimenezi munaphunzira liti? Si inu mumati simufuna kumva za udzu?"

"Sindinaphunzire. Atate ako amalankhula okha madzulo, ine ndikusenda nyemba. Ndimati sindikumva, kani zimalowa."

Irene anatunga madzi a mumgolo m'kapu n'kuthira m'mbali mwa beseni pang'onopang'ono, monga anamuuzira. Dothi lakuda linamwa n'kunyezimira. A Fainess anayang'ana mpaka dontho lomaliza, ndipo milomo yawo inagwedezeka. "Wamwa, a Daka," anatero, mawu ongokwana iwo okha. Kupweteka kuja kwa masiku onsewa kunachepako, koma sikunathe.

A Sesiliya anakhala pambali pawo pamphasa, akutikita msana.

"Tizinthu timeneti ndinatiiwala, komatu ndimatidziwa," anatero. "Tinalipo kudambo la kwathu tili ana. Philemon amapita ndi ng'ombe za atate, n'kukagona chafufumimba m'matope, kuyang'ana tomweti. Tsiku lina ng'ombe zinalowa m'munda wa eni ake n'kumaliza mzere wonse wa chimanga, iye ali gone, chibwano chili m'manja. Atate anamukwapula, kumufunsa umaona chiyani, iye kukamwa gwa. Anabadwa choncho. Pakamwa polemera, maso okha."

A Fainess anagwedeza mutu. Munthuyo anamudziwa bwino. Sanawakalipirepo, sanagonepo kunja, malipiro amabwera nawo onse. Koma mawu okoma aja amene akazi ena amanena kuti amauzidwa, iwo sanawamvepo, ngakhale tsiku la ukwati. Anamukonda choncho, ndipo anamusowa kwambiri madzulo amenewo, pamodzi ndi kukhala chete kwake komwe.

M'mawa mwake abale anasonkhana. Abusa anapemphera, nyumba inasesedwa kuyambira kuchipinda mpaka kubwalo, ndipo a Lyford anagawa zovala za akulu awo: jekete kwa uyu, nsapato kwa uyo, njinga kwa mphwawo wa ku Tamanda. Amai a chigwirizano anali pamphasa chapambali, ena mwa iwo akadali ndi chiyembekezo chakuti mlendo uja atulukira lero, poti tsiku logawa katundu ndi limene akazi obisika amaonekera.

"Nanga galasi lija la kuseri, atenga ndani?" anafunsa a Lyford.

A Sesiliya anadzuka, analowa kuseri, n'kubwera atanyamula beseni laling'ono ndi manja awiri. Anakaliika pakati penipeni pa amai a chigwirizano n'kuvundukula neti.

"Ndamva kuti mwakhala mukufunsa za Dorosera. Ndi ameneyu. Mupatseni moni, wafedwa naye."

Amai aja anaweramira m'beseni. Munali tizomera tometedwa, tofiira, ndi tizidutswa ta mbatatesi. Mmodzi anatsokomola. Wina, amene anali ataumirira za namwino wa ku Katete, anati iye anadziwa kale kuti a Daka sangatero.

"Mkazi wamng'ono atsala ndi mkazi wamkulu," anamaliza a Sesiliya. "Galasi ndi nyumba yake, silichoka."

Kenako anagwira a Fainess padzanja, anawaimiritsa, n'kuwauza pamaso pa onse kuti amasuka, agwire ntchito, adye ndi anthu, ayende kumene akufuna.

Anthu atabalalika, katundu anayamba kubwerera m'malo mwake. A Fainess anatembenuza tizidutswa ta mbatatesi tija n'kupezamo kamphutsi kamodzi kokha, kamene anakaponyera nkhuku. Pakati pa tizomera tina panali tinsonga tobiriwira, tolimba, tokhala ngati tikufuna kutuluka. Sanafune kudzinamiza, koma mtima unakhala pansi.

A Lyford ndi Irene analowetsa bokosi lopanda kanthu lija n'kuliika patebulo lake, pawindo loyang'ana kubwalo la kuseri.

"Tembenuzani," anatero a Fainess. "Ngodya ya phulayo imakhala kukhoma."

Analitembenuza, n'kutuluka kukanyamula makina osokera a a Fainess, amene anawabisa kuchipinda nthawi ya maliro. Malo ake anali pakhonde la khitchini yakunja, kutsidya kwa bwalo, pamene a Fainess amasokera mayunifomu a ana a sukulu kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutatha.

Ntchito yoyamba ya manja awo omasulidwa inali yoti atsuke galasilo, tizomera tisanabwerere m'nyumba yake. Galasi la kumbuyo, loyang'ana kuwindo, linali lobiriwira ndi ndere kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anatenga kansalu ndi madzi a mumgolo. Ataimirira, msana umawawa ndipo dzanja silimafika bwino, ndiye anayang'ana pokhala. Panali mpando wa a Daka wokha, wamatabwa, wamfupi, khushoni yake itaphwa pakati. Chilowereni m'nyumbamo anali asanaukhalepo. Anazengereza pang'ono, n'kukhala.

Maso awo anafika pakati pa galasi, ndipo m'pamene anaona kuti ndereyo sinali paliponse. Panali malo amodzi ozungulira, aakulu ngati chikhato, amene munthu amawapukuta chamkati. M'mbali mwake ndere inali yokhuthala, yazaka, yosonyeza kuti chala chimadutsa mzere womwewo nthawi zonse. Mkati mwake ndere yatsopano inali itangoyamba kuyanga mopyapyala, ya masabata a kuchipatala aja.

Anayang'ana kupyola pamenepo. Mtengo wa mapeyala sumaoneka, khola la nkhuku silimaoneka, mgolo sumaoneka. Pamaoneka khonde la khitchini lokha, pamene Irene ndi a Lyford anali atangotula makina, ndi kampando ka ndalema kamene a Fainess amakhalapo posoka kali kutsogolo kwake.

Anaweramira kumanzere, makina anasowa mu ndere. Anabwerera pamene khushoni inaphwera, makina anabweranso, gudumu lake ndi kampando, zonse zitakwana bwino m'kabwalo kaja. Anakhala choncho nthawi yaitali, kansalu kakudontha pamwendo.

"Amai, ndibweretse sopo?" Irene anafunsa ali panja.

"Ayi." A Fainess sanachotse maso pagalasi. "Ayi, mwana wanga. Takhala kaye pakampandopo."

"Apa?"

"Pomwepo. Werama ngati ukusoka."

Irene anakhala, anawerama, akuseka posadziwa chimene amai ake akufuna. Mutu wake, mapewa ake ndi manja ake pansalu zinadzaza malo onse opukutidwa aja, osatsala, osasefukira.

A Sesiliya analowa ndi beseni la tizomera n'kuima kumbuyo kwa mpando. "Simunayambe? Patseni kansaluko ndikuchotsereni zobiriwirazi, ndi uve umenewu."

A Fainess anapukusa mutu. Anakulunga kansalu kuchala chimodzi, analowetsa dzanja m'bokosimo, n'kuyamba kupukuta mkati mwa kabwalo kokhako, pang'onopang'ono, akutsata mzere umene chala cha a Daka chinasiya. Ndere ina yonse anaisiya mmene inalili.